Mphere, Mashingozi ndi Chipere: Mankhwala Alipo, Koma Tiyambe Tadziwa Matendawo

Mawu omwe adayankhulidwa pa msonkhano wa makalabu a achinyamata

Mudandipempha kuti ndidzayankhule za matenda a pakhungu ndi mankhwala atsopano amene abwera m'zaka zapitazi. Ndayamika kuti mudasankha mutu umenewu, chifukwa pa misonkhano yathu timaulambalala kawirikawiri ngati ndi nkhani yaing'ono.

Munthu wodwala chiwindi kapena impso atha kubisa matenda ake. Wodwala khungu sangabise. Akangofika pa chitsime kapena pa bwalo la mpira, aliyense wasanduka dokotala. Wina akuti ndi uve, wina akuti amulodza, wina akunong'oneza mnzake kuti "kaja kamulowa basi." Mwini wake chifukwa cha manyazi sapita kuchipatala, amathamangira pa msika kukagula kachubu ka mafuta komwe wamuuza mnzake. Apa ndi pomwe pali vuto lalikulu, chifukwa mankhwala abwino amene ndikufuna kukuuzani lero amagwira ntchito pokhapokha matendawo adziwike dzina lake lenileni.

Ndiyambe ndi mphere, ndipo ndikhalitsapo, chifukwa palibe pano amene sadazionepo.

Choyambitsa mphere ndi kachilombo. Ndaona ena mwadzutsa mitu. Musadzidzimuke, sindikunena ka HIV. Aka ndi kanyama kachibale wa nkhupakupa, kakang'ono koti ndi maso okha n'kovuta kukaona. Kakakazi kamaboola khungu n'kukumba kanjira, ndipo tsiku lililonse kamaikira mazira 2 kapena 3 m'kanjiramo. Mazirawo amaswa pakatha masiku 3 kapena 4, ndipo pomakwana masabata awiri tiana tija takhwima, tayamba nato kukumba. Malo amene timakonda mukuwadziwa: pakati pa zala, pa mfundo za manja, m'khwapa, m'chiuno, m'matako, ku maliseche. Kuyabwa kwake kumakula usiku.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene akukanda usiku wonse osagona nthawi zambiri amakhala ndi tizilombo 10 kapena 15 basi thupi lonse. Kuyabwako kumabwera chifukwa thupi likudana ndi kachilomboko, mazira ake ndi ndowe zake. Ndipo munthu akatenga mphere koyamba, thupi limatenga masabata 4 mpaka 6 lisanayambe kudandaula. Gwirani mfundo imeneyi, ndi mutu wa nkhani yonse. Mnzanu amene mumafunda naye bulangeti limodzi m'gowelo, amene akuti "ine ndilibe, sindikukanda," atha kukhala kuti ali nazo kale. Inu mudzola mankhwala, muchira, iye akubwezerani. Ndiye timayamba kunena kuti mankhwala a kuchipatala ndi achabechabe.

Mphere zimayenda khungu likakhudzana ndi khungu kwa nthawi yotalikirapo: kugona mphasa imodzi, kubereka mwana kumbuyo, kupanikizana m'chipinda cha sukulu yogonera konko, komanso kugonana. Sizisankha waukhondo kapena wauve. Mutha kusamba ndi sopo katatu pa tsiku, kachilombo kali m'kanjira kake phee.

Ena amati mphere siziphetsa. N'zoona, kachilomboko pakokha sikapha. Koma zikhadabo zimatsegula khungu, ndipo m'zilondazo mumalowa mabakiteriya obweretsa mafinya. Ena mwa mabakiteriyawa amatha kuyambitsa matenda a impso, makamaka kwa ana. Mukaona mng'ono wanu amene adali ndi zilonda za mphere watupa nkhope m'mawa ndipo mkodzo wake wafiira ngati tiyi wopanda mkaka, ameneyo ndi wothamanga naye kuchipatala tsiku lomwelo. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati pa nthawi iliyonse anthu oposa 200 miliyoni amakhala ndi mphere, ndipo mu 2017 lidaika mphere pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa amene akufunika kuwalimbikira. Mu Meyi 2025 maiko a m'bungweli adagwirizananso pa msonkhano wawo waukulu ku Geneva kuti matenda a pakhungu aziwerengedwa ngati nkhani yaikulu ya zaumoyo.

Nanga mankhwala? Amene ambiri tidakulira ndi aja oyera ngati mkaka a benzyl benzoate, amene timangoti BB. Amagwirabe ntchito bwino lomwe, ngakhale amathetha pa zilonda, ndipo a ana amafunika kuwasungunula monga anenera a chipatala. Palinso mafuta a permethrin, amene sathetha kwambiri. Amadzolwa madzulo n'kusamba m'mawa. Onse awiriwa lamulo lake ndi limodzi: kudzola thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka ku zala za kumapazi, osati pomwe pakuyabwa pokha ayi. Ndipo apa ndi pomwe anthu amagwa ulesi. Tangoganizani banja la anthu asanu ndi atatu, agogo, ana, alendo, onse adzole thupi lonse usiku umodzi, kenaka adzabwerezenso. N'zotheka, koma n'zovuta.

Chatsopano chachikulu pa mphere ndi mapiritsi a ivermectin. Mankhwalawa pawokha si achilendo. Adachokera ku mabakiteriya amene adapezeka m'dothi la ku Japan m'zaka za m'ma 1970, ndipo akatswiri awiri amene adatsogolera ntchitoyi, Satoshi Omura ndi William Campbell, adalandira mphoto ya Nobel mu 2015. Anzathu a ku Thyolo ndi ku Mwanza amawadziwa bwino ndi dzina loti Mectizan, mapiritsi ang'onoang'ono aja ogawidwa m'midzi atakuyeza msinkhu ndi ndodo, olimbana ndi matenda ofalitsidwa ndi tintchentche takuda ta m'mitsinje amene amayabwitsa thupi ndi kupha maso. Adagwiritsidwanso ntchito pothetsa matenda otupitsa miyendo ndi phudzi, amene WHO idavomereza mu 2020 kuti Malawi wawagonjetsa.

Chimene chasintha ndi umboni woti mapiritsi omwewa atha kuchotsa mphere m'mudzi wathunthu. Kafukufuku wodziwika kwambiri adachitika ku Fiji, dziko la zilumba la m'nyanja ya Pacific, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2015. Kumeneko adayerekeza njira zitatu pa zilumba zosiyana. Kumene ankangothandiza odwala ndi a pakhomo pawo, mphere zidatsika ndi theka chabe. Kumene anthu onse, odwala ndi osadwala omwe, adapatsidwa ivermectin, pachiyambi anthu 32 mwa 100 alionse adali ndi mphere. Patatha chaka adatsala 2. Mu 2019 WHO idaika ivermectin pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira pochiza mphere. Kwa ine phunziro la ku Fiji silili pa piritsi lokha. Lili pa mawu oti "onse pamodzi." Piritsi langopangitsa kuti kuthandiza onse tsiku limodzi kukhale kosavuta kusiyana ndi kudzola.

Komabe ivermectin ali ndi malamulo ake. Mlingo wake umatengera kulemera kwa thupi. Sapha mazira, choncho amamwedwa kawiri, kachiwiri pakatha sabata imodzi kapena awiri, kuti akaphe tiana tomwe taswa. Amayi oyembekezera ndi ana osakwana makilogalamu 15 nthawi zambiri sapatsidwa, amapatsidwa odzola. Ndipo chonde, amangwetu, ivermectin wa ng'ombe ndi nkhumba amene mumamuona m'masitolo a zaulimi si wa anthu. Dzina ndi limodzi koma kapangidwe ndi mphamvu n'zosiyana. Pali mankhwala ena achibale ake otchedwa moxidectin, amene amakhala nthawi yaitali m'thupi. Adavomerezedwa mu 2018 pa matenda opha maso aja, ndipo akatswiri akhala akuwayesa pa mphere ndi chiyembekezo choti mwina kumwa kamodzi kungakwane.

Mukalandira mankhwala, zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa pa dzuwa. Zosachapika mangani m'thumba la pulasitiki kwa sabata. Kachilomboko kakachoka pa munthu sikakhala moyo kupitirira masiku owerengeka. Ndipo musadabwe kuyabwa kukapitirira masabata awiri mpaka anayi mutachira. Thupi limakhala likuchotsabe zotsalira. Chizindikiro choti mankhwala alephera ndi tiziphuphu tatsopano, osati kuyabwa kokha.

Pali mtundu wina wa mphere umene uyenera kutchulidwa. Munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika kwambiri amatha kukhala ndi tizilombo zikwizikwi, khungu n'kuchita nkhanambo zokhuthala zotuwa m'manja, m'mapazi ndi m'zigongono, nthawi zina osayabwa n'komwe. Munthu wotere amapatsira ena mosavuta, ndipo amafunika mapiritsi kangapo pamodzi ndi odzola. Apa ndi pomwe nkhani ya khungu imakumana ndi nkhani ya HIV, ndiye tiyeni tiikambe mosabisa.

N'zoona kuti khungu ndi limodzi mwa malo oyamba kuonetsa kuti chitetezo chatsika. Koma matenda omwewo amagwiranso anthu amene alibe kachilombo ka HIV. Maso anu si makina oyezera magazi. Tengani mashingozi. Amayamba ndi kachilombo komwe kamayambitsa katsabola. Mwana akachira katsabola, kachilomboko sikachoka, kamabisala m'mitsempha. Patapita zaka kamadzuka n'kutsata mtsempha umodzi, n'chifukwa chake matuza ake amandanda mbali imodzi ya thupi ngati lamba, osadutsa pakati, akuwotcha ngati moto. Agogo okalamba amadwala mashingozi chifukwa cha ukalamba basi. Koma wachinyamata wa msinkhu wanu akadwala, ndi chifukwa chabwino chokayezetsa magazi. Ndati chifukwa chokayezetsa, sindinati umboni.

Mankhwala ake ndi acyclovir, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72 chitulukire matuza. Masiku atatu amenewa ndi omwe ambiri amawataya akudzola phulusa, oyilo wa injini kapena mankhwala otsukira mano. Matuza akatuluka pa mphumi, pafupi ndi diso kapena pa nsonga ya mphuno, musagone nawo, diso litha kuwonongeka. Ku maiko olemera kudatuluka katemera wamphamvu wa mashingozi mu 2017, koma ndi wodula, ndipo kwa ife chida chenicheni ndi kufulumira.

Amene muli ndi abale amene adayamba mankhwala a ARV kalekale mukukumbukira mantha aja oti "mankhwala amenewa amasupula khungu." Manthawo sadangochokera m'mlengalenga. Boma lidayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo mankhwala oyamba aja adali ndi nevirapine, amene kwa anthu ena ankatulutsa zidzolo, ndipo kwa ochepa ankawotcha khungu ndi m'kamwa moopsa. Kuyambira mu 2019 Malawi adasinthira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene vuto limeneli limachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Ndiye ngati pali wina akuzengereza kuyamba ma ARV chifukwa cha zimene adaona kwa amalume ake zaka khumi ndi zisanu zapitazo, kamuuzeni kuti mankhwalawo adasintha. Ndipotu tiziphuphu toyabwa tija tosiya zipsera zakuda m'miyendo ndi m'mikono, timene timavutitsa anthu amene chitetezo chatsika, mankhwala ake enieni ndi ma ARV omwewo. Chitetezo chikakwera timazilala. Chenjezo limodzi lokha likhalebe: mukayamba mankhwala ena alionse atsopano, kaya ndi Bactrim, kaya a TB, kaya a khunyu, n'kutuluka zidzolo pamodzi ndi kutentha thupi, maso kufiira kapena zilonda m'kamwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula mankhwalawo.

Matenda oopsa kwambiri pa gulu limeneli ndi khansa yotchedwa Kaposi. Imayamba ndi mawanga akuda kapena ofiirira amene sayabwa ndipo sapweteka, kawirikawiri m'miyendo kapena kumwamba kwa m'kamwa, nthawi zina mwendo n'kutupa molimba ngati mtengo. Popeza sipweteka, anthu amachedwa nayo. Ikapezeka msanga, ma ARV okha amatha kuibweza. Ikafalikira pamafunika mankhwala a khansa. Mu 2020 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu amene adachitika m'maiko angapo a mu Africa ndi ku Brazil, ndipo Malawi adali nawo. Adapeza kuti mankhwala otchedwa paclitaxel pamodzi ndi ma ARV amathandiza kuposa amene ankagwiritsidwa ntchito kale m'zipatala zambiri za kuno. Odwala anzathu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene adadzipereka pa kafukufukuyu adathandiza kusintha kachizidwe ka matendawa. Khomo lolowera ndi chipatala chanu chaching'ono. Iwo ndi amene amatumiza wodwala ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth.

Za ziphuphu za kumaso sindikhalitsapo, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwabwerera zomwezo. Zimabwera chifukwa pa unamwali khungu limatulutsa mafuta ambiri ndipo timabowo take timatsekeka. Bodza lija loti ziphuphu zimatha ukagonana ndi bodza basi. Lapereka mimba ndi matenda kwa ambiri koma silidachotsepo chiphuphu ndi chimodzi chomwe. Mankhwala odzola monga benzoyl peroxide amathandiza, koma amafuna kupirira kwa miyezi iwiri, ndipo kufinya ndi kumene kumasiya zipsera zakuda. Mukamva pa wailesi kapena kuona pa foni za mankhwala atsopano a ku America, monga jakisoni wa dupilumab wa mu 2017 wochiza khungu louma loyabwa limene a chipatala amati eczema, dziwani kuti ndi enieni ndipo amagwira ntchito, koma mtengo wake pa chaka ndi madola zikwi zambiri. Wokugulitsani botolo pa msika n'kumati ndi omwewo akukuberani.

Tsopano chipere. Ichi sichiyamba ndi kanyama ngati mphere, chimayamba ndi mafangasi, achibale a chuku chija chimamera pa chimanga chonyowa. Pa thupi chimajambula kabwalo koyabwa kotukuka m'mphepete. Chimenechi mafuta a clotrimazole kapena a Whitfield amachiza mukadzola masabata awiri mpaka anayi osadumphitsa, n'kupitiriza pang'ono ngakhale chitaoneka kuti chatha. Cha m'mutu n'china. Mafangasi amalowa mkati mwa tsitsi momwe mafuta safika, choncho mwana wa chipere cha m'mutu amafunika mapiritsi, monga griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8, kapena terbinafine. Inu anyamata amene muli ndi malo ometera pa msika, makina ndi zipeso zanu ndi njira yaikulu ya chipere; zitsukeni pakati pa mutu ndi mutu.

Pa chipere pali nkhani yatsopano yosakondweretsa. Ku India kudabuka mtundu wa mafangasi umene sumvera terbinafine. Akatswiri adaupatsa dzina loti Trichophyton indotineae mu 2020, ndipo wapezeka kale ku Ulaya, ku America ndi kwina. Umafalikira thupi lonse, m'mphechepeche, m'matako mpaka kumaso, ndipo kuuchiza kumatenga masabata ambiri a mapiritsi ena odula. Madokotala a ku India amaloza chala makamaka pa chinthu chimodzi: mafuta osakaniza ogulidwa popanda kulemberedwa, okhala ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid. Ndipo machubu a mtundu womwewo ndi amene ali mbwee m'misika yathu.

Steroid amachita chiyani? Amatontholetsa chitetezo cha pakhungu. Kuyabwa kumasiya, kufiira kumatha, m'masiku atatu mukuti mwapeza mankhwala a mphamvu. Koma mafangasi kapena tizilombo ta mphere sitinafe; mwangomanga galu wolondera pakhomo, mbala zikulowa mwaufulu. Mukasiya kudzola, matenda amabwerera atakula, ndipo maonekedwe ake amakhala atasintha moti ngakhale dokotala amavutika kuwazindikira. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Sindikunena kuti steroid ndi woipa nthawi zonse ayi. Pa eczema ndi mankhwala abwino kwambiri, akalembedwa ndi a chipatala, pa mlingo wake ndi masiku ake.

Asungwana, ndi anyamata ena omwe, musayang'ane kumbali, mafuta ambiri oyeretsa khungu ali m'gulu lomweli. Ena ali ndi steroid, amene pakapita miyezi amapyapyalitsa khungu, timitsempha n'kumaonekera, mizere yong'ambika n'kutuluka m'mikono ndi m'ntchafu, ziphuphu n'kuchuluka, bala osapola msanga. Ena ali ndi hydroquinone, amene akadzolwa nthawi yaitali amasiya mawanga akuda bii m'masaya ovuta kuchotsa. Ena, makamaka sopo ndi mafuta opanda zolemba zomveka, apezeka ndi mercury, poizoni wowononga impso ndi mitsempha, amene amafika ndi kwa mwana wa m'mimba.

Mukabwerera kunyumba tengani chubu chilichonse chimene chili pa zenera kapena m'chikwama, muwerenge tizilembo tating'ono ta kumbuyo. Mukapeza mawu oti clobetasol kapena betamethasone, amenewo ndi steroid wamphamvu. Ngati mwangoyamba kumene kudzola, siyani. Ngati mwadzola kumaso kwa miyezi yambiri, musasiye mwadzidzidzi, chifukwa khungu limatha kufiira, kuwotcha ndi kutuluka ziphuphu koposa kale, ndipo ambiri amabwerera ku chubu chomwecho poganiza kuti ndicho chimawathandiza. A chipatala amakuthandizani kutsitsa pang'onopang'ono. Popita kumeneko nyamulani chubucho, ngakhale chitatha, ngakhale mukuchita nacho manyazi, ndipo munene miyezi yeniyeni imene mwadzola. Ngati vuto ndi mphere, auzeninso kuti pakhomo panu mumagona anthu angati, kuti mankhwala akwanire onse.